Ndamva, Wosesa Mapazi

Sendezani mapazi anu kuno kowala, musawasiye mumdimamo, chifukwa nkhani iyi ndi ya mapazi.

Kumtunda kwa Bangwe, kumene msewu wafumbi umasanduka tinjira, kunali mdadada wa nyumba za lendi za mayi Nachisale. Zitseko zonse zinkayang'ana bwalo limodzi, mpopi umodzi ndi bafa limodzi. Khomo lakumapeto, pafupi ndi mtengo wa mango, linali la Dorika ndi mwamuna wake Bizwiki, wokhoma ndowa kumsika. Anali ndi kamwana kamodzi, Tinenenji, kamene kanali katangoyamba kuyenda, kakudzandira ngati kaledzera.

Tine ankadziwa liwu limodzi lokha padziko lino: "Toto!" Phala, toto. Kusamba, toto. Kugona, toto. Ngakhale nthochi imene iye mwini walozera, ukamusendera, toto.

"Koma mwana uyu makani anatengera ndani?" Dorika ankadandaula, phala lili mbwee pachitenje.

"Kwanu," Bizwiki ankayankha. "Kwathu timabadwa ofatsa."

"Ofatsa inuyo? Amene munatsutsana ndi wailesi dzulo?"

Loweruka lina masana pageti panaima galimoto yoyera ya magalasi akuda. Munali azibambo awiri ovala majekete. Sanatsike. Anatsitsa galasi pang'ono n'kuyankhula ndi mayi Nachisale. Anati iwo ndi a kampani yopanga maloboti othandiza pakhomo, ndipo akufuna kuyesa limodzi pamalo pa anthu ambiri, mwaulere.

"Loboti?" Bizwiki anaseka. "Ine ndimadziwa la pamsewu, loyaka zofiira ndi zobiriwira. Limeneli lizitiimitsa popita kubafa?"

Chitseko chakumbuyo chinatseguka, chinthucho n'kutsika chokha. Msinkhu chinali ngati mwana wa Sitandade 3. Thupi linali ngati mgolo, ndipo m'munsi chinavala siketi ya malata yofika pansi penipeni, moti palibe ankaona ngati chikuyendera mateyala kapena chiyani. Mkono wina unali ndi zala, wina unathera m'tsache. Pamsana panali thumba lakuda, ndipo pamene pakanakhala nkhope panali kanyali kamodzi kozimirira. Chilichonse ukachiuza chinkayankha liwu limodzi: "Ndamva." Dzuwa lisanalowe dzina linali litamera kale. Anali Ndamva.

Anthu anamukonda kuposa m'bale. Ndamva, tunga madzi. Ndamva, anula zovala. Ndamva, thamangitsa nkhuku. Vuto lake linali limodzi: ntchito akaiyamba sankaisiyira panjira. Tsiku lina mayi Nachisale anamuuza kuti athire madzi mumgolo, kenako n'kukumbukira kuti mumgolomo anasungamo ufa. Anakuwa, "Leka! Leka!" Iye anati, "Ndamva," n'kukhuthuliramo ndowa yonse mpaka dontho lomaliza, ndiye n'kuleka. Mdadada wonse unaseka mpaka misozi.

Dorika yekha sanaseke. Iye anali munthu woti botolo la mankhwala a mwana amaliwerenga kawiri asanatsegule. Anafika Folomu 4, ndipo ankadziwa kuti makina amafuna moto. Nanga uyu, magetsi akuzima tsiku ndi tsiku, bwanji sankatopa? Nanga bwanji pafumbi pamene wadutsa sipankatsala mzere ngakhale umodzi?

"Bambo a Tine, mwaona kuti zinyalala zake sizifika kudzala?"

"Ndiye ukufuna ndizikalondera kudzala?"

"Masamba a mango awo ali mbwee, mapepala awo. Iye akungosesa pamene papita munthu. Ndipo Loweruka lililonse eni ake amadzatenga thumba lija n'kusiya lina. Fumbi akukapanga nalo chiyani?"

"Mwina akuumba njerwa. Make Tine, iwe ukanapatsidwa mngelo ukanamufunsa chiphaso."

Kenako matsache anayamba kusowa. Loyamba linali la khomo loyambirira, lotsatira la khomo lachiwiri, mpaka la Dorika. Anagula lina, linasowa. Anagula lina n'kulibisa pansi pa bedi. Kutacha chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira, koma tsache panalibe.

"Ulifuniranji tsache, mwana wanga, wosesa alipo?" anatero mayi Nachisale ali pakhonde lawo la simenti, pamene ankaswera tsiku lonse akulamula.

Ndipo Ndamva ankasesadi, ngakhale nthawi imene munthu wolera bwino sagwira tsache. Tambala asanalire Dorika ankamva panja, shwe, shwe, shwe, kenako zii ngati wina akumvetsera, kenako shwe, shwe. Kusesa mumdima n'kuthamangitsa mwayi, mwana aliyense amadziwa. Akagwedeza mwamuna wake, yankho linali mkonono.

Ndamva anayamba kukakamira pakhomo loyambirira. Banja la pamenepo linkamenyana madzulo aliwonse mpaka mapoto kuuluka. Sabata imeneyo kunali bata. Anasunthira khomo lachiwiri, kumene ana ankagenda mango ndi kutukwana odutsa. Posakhalitsa anawo ankangokhala pakhonde mondondozana, manja pamaondo, maso kutsogolo. Ukati imirirani, "Tamva." Ukati khalani, "Tamva."

"Ambuye ayankha mapemphero," anatero mayi Nachisale. "Malo anga asanduka a anthu."

Dorika anawayang'anitsitsa anawo. Kwawo ku Chiradzulu ankati wokufunira zoipa safunika kukugwira. Amangodikira udutse, n'kutapa dothi la paphazi lako. Ali kusukulu ankaziseka zimenezo. Koma tsopano anawerenga makomo amene atsala, n'kuona kuti lawo silili kutali.

Kuyambira tsiku limenelo Tine sanapondenso pansi. Kumpopi, kumbuyo. Pophika, kumbuyo. Mwana ankapalapata, kumenya mayi ake timiyendo m'nthiti, kukuwa "Toto! Toto!" mpaka mawu kusasa. Popeza tsache panalibe, Dorika anathyola nthambi ya mango n'kumaikoka pambuyo pake kulikonse kumene wapita, kufufuta mapazi ake.

"Amake Tine!" mayi Nachisale anakalipa. "Masamba okwekwereza pansi ndi a maliro. Ukutiitanira chiyani pakhomo panga? Ndipo mwanayo umutsitse, adzapuwala!"

"Amayi, chinthu chanuchi chikutenga mapazi a anthu."

"Chikutenga mapazi? Nanga awa ndikuyendera ndi a ndani?"

Dorika anayesa zonse. Anati, "Ndamva, choka, zipita kwanu." Anayankha "Ndamva," n'kutuluka pageti, madzulo n'kubwerera, popeza sanauzidwe kuti asabwerere. Anati, "Ndamva, usasesenso." Analekadi, mpaka mayi Nachisale atadzuka n'kukuwa, "Ndamva, bwalo lada ili!" Zinali ngati kutunga madzi ndi dengu.

Dorika anathyolera mwamuna wake nthambi ina.

"Ine? Bambo wandevu zanga, ndizikoka mchira ngati buluzi mpaka kumsika? Anzanga akandiona ndidzagulitsanso ndowa ine?"

"Chonde, bambo a Tine."

"Iwe, wandikwana. Mawa udzati tizigona m'mwamba mwa mango."

Amenewo anali makani omaliza a Bizwiki. Tsiku lotsatira anabwera kuchokera kumsika n'kukhala pampando osadandaula za mtengo wa malata, osatsutsa wailesi. Dorika anamuyang'ana m'mbali.

"Matewera a mwana ali m'beseni. Mungachape?"

"Ndamva."

Tisabise, kamtima kena ka Dorika kanakondwa. Zaka zonsezi! Anamuonerera akuchapa, akufinya, akuyanika bwinobwino. Kenako anaganiza zomuyesa. Mbaula inali pambali, makala ali psuu.

"Ikani dzanja pamotopo."

"Ndamva."

Dorika anachita kumugwira mkono, ubweya wa pazala utayamba kale kununkha. Bizwiki anangomuyang'ana, maso ali mbee ngati a nsomba ya pamsika.

Loweruka m'mawa Dorika anali atatopa mpaka m'mafupa. Msana unkayaka, thupi linkanunkha thukuta ndi mkodzo wa mwana. Anaona kuti Ndamva ali kutali, kumpopi. Anamasula Tine n'kumuika pamiyendo pa bambo ake pakhonde.

"Mumugwire. Musamutsitse pansi, ngakhale alire bwanji."

"Ndamva."

Analowa m'bafa. Ali ndi sopo kumaso anamva Tine akukuwa toto wake, kenako mawu a mayi Nachisale kuchokera pakhonde lawo.

"A Bizwiki, simukumva mwanayo? Mtsitseni ayende, mwatani kodi anthu inu!"

"Ndamva."

Dorika anatuluka chitenje chili chogwirizira pachifuwa, thovu likuyenderera m'khosi. Pafumbi panali timapazi, tating'ono ngati masamba a bonongwe, tochokera pakhonde kulowera kumango. Pambuyo pake panali Ndamva. Shwe, shwe.

"Leka! Iwe, leka!"

"Ndamva."

Shwe. Shwe. Mpaka kaphazi komaliza, kamene kanali kuseri kwa chidendene cha mwana. Ndiye n'kuleka.

Tine anaima chilili pansi pa mango. Sanalire, sanathamangire nkhuku.

"Tine," mayi ake anaitana. "Bwera kuno."

"Ndamva," kanatero kamwana, liwu limene palibe anakaphunzitsapo.

M'mawa umenewo Tine anamaliza phala lonse. Ankangotsegula kukamwa, kumeza, kutsegulanso. Dorika ankamudyetsa misozi ikugwera m'mbale.

"Waona?" anatero mayi Nachisale. "Mwana wa ulemu. Ukulira chiyani? Ena amachita kupita kwa abusa kuti apeze zimenezi."

Dorika anadzuka. Anapita kwa Ndamva n'kukoka thumba lija. Pakamwa pake panali pomangidwa ndi kachingwe kolimba ngati waya, ndipo mpeni unangoterereka. "Ndipatse thumbali," anatero. Kwa nthawi yoyamba Ndamva sanayankhe. Kanyali kaja kanangophethira. Thumba linali la eni ake, ndipo eni akewo ankabwera dzuwa likapendeka. Likakwera galimoto, Tine wake wapita nalo.

Anakhala pakhonde, nthambi yake yofota ili m'manja. Anaganiza za azibambo aja. Miyezi yonseyi, kutenthe kuzizire, sanawaonepo atatsika. Galimoto ankaibweza chammbuyo mpaka pageti penipeni, thumba n'kulandirira pawindo. Wophika poizoni salawa. Anayang'ana nthambi ija, n'kukumbukira mawu a mayi Nachisale.

Zimene anachitazo n'zoti munthu wosamala ngati iye sakanalota n'komwe. Kuyala masamba popanda wakufa n'kuitana imfa ndi dzina. Koma anayang'ana Tine, atakhala phee pamene anamukhazika, ntchentche ikuyenda pamlomo osaiingitsa.

"Bambo a Tine, tengani chikwanje. Sadzani mango awa."

"Ndamva."

Dorika anayala nthambizo mopingasa kanjira kolowera kumdadada, kumtunda ndi kumunsi. Anayenda khomo ndi khomo kwa anthu ofatsa aja. Azibambo anawauza atulutse mabenchi akhale pakati pa njira. Azimayi anawauza afunde mipango akhale pamphasa. Manyazi ankamugwira powatuma ngati mbuzi, koma nthawi inali itatha.

"Lirani," anatero.

"Tamva."

Ndipo analira. Kulira kwake kunali kosalala, kopanda chisisimo, maso ali gwa, onse kuyamba pamodzi ndi kupuma pamodzi. Agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa.

Akabaza odutsa anatsika panjinga n'kumazikankha. Azibambo anavula zipewa. Ogulitsa makala ndi amayi a tomato anasiya malonda n'kubwera kudzakhala nawo. "Wamwalira ndani?" ankanong'ona. Dorika ankangoweramitsa mutu, Tine ali kumbuyo kwake ngati mtolo wa zovala.

Dzuwa litapendeka galimoto yoyera inatulukira. Inafika pamasamba n'kuima. Inadikira. Kenako inaliza hutala.

Anthu onse anatembenuka. Bambo wina wogulitsa makala, wamapewa ngati chitseko, anadzuka n'kukamenya pagalasi ndi chikhatho.

"Hutala pamaliro? Munaleredwa ndi afisi?"

Galasi linatsika pang'ono. "Pepani achimwene, tangobwera kudzatenga katundu wathu. Tingomuitana abwere kuno, ife tizipita."

"Katundu? Anthu akulira inu mukuti katundu? Tsikani mupepese ngati anthu!"

"Tili pachangu, achimwene."

"Magalasi akuda, kutsika ayi," anatero mayi wina mokweza. "Kapena ndi aja opopa magazi?"

Liwu limenelo likamveka, miyala imadzitola yokha. Anthu anazungulira galimoto. Zitseko zinatseguka pang'onopang'ono, nsapato zonyezimira n'kutera pafumbi. Azibambo awiriwo anayenda monyang'ama ngati akuponda makala a moto, mpaka pamabenchi, n'kunjuta, n'kuomba m'manja mwaulemu. Thukuta linali kamukamu.

Ndamva anali ataima pageti ndi thumba lake, kudikira eni ake. Dorika anayankhula motsitsa, ngati akutuma mwana mchere.

"Ndamva, alendo aponda. Sesa."

"Ndamva."

Shwe, shwe, kuyambira pachitseko cha galimoto.

Wamtali mwa awiriwo anatembenuka, nkhope n'kutuwa ngati phulusa. "Leka! Iwe, ndine mwini wako, leka!"

"Ndamva."

Shwe. Shwe. Anadzuka kuti athawe, koma pothawa munthu amapondanso. Ndamva anawalondola phazi ndi phazi, osafulumira, mpaka anawapeza atapanikizika pakati pa anthu. Anasesa kuseri kwa zidendene zawo, ndiye n'kuleka. Manja a azibambowo anagwa m'mbali.

"Masulani thumbalo," anatero Dorika.

"Tamva."

Dothi la pamwamba, la mapazi a azibambo aja, linali lozizira ngati la pansi pa mtsuko. Limenelo Dorika analitapa mosamala n'kulimanga pansonga ya chitenje chake. La pansi linali lofunda ngati pamene pagona nkhuku. Analikhuthulira pansi, n'kumasula Tine, n'kumuimika pamenepo wopanda nsapato.

Anthu anasunzumira. Mwana anangoima. Dorika anagwada.

"Tine, mwana wanga, khala pansi."

Zii. Timapazi tinafukula dothi pang'ono. Kenako kankhope kanakwinyika, mlomo wam'munsi n'kutuluka.

"Toto!"

Dorika anamukumbatira mpaka mwana anamuluma paphewa. Atadzuka anauza azibambo aja kuti akatenge matumba onse amene anachotsa pamalopo, ngakhale atakhala kutsidya kwa nyanja. "Tamva," anatero, n'kukwera galimoto.

Apa m'pamene mayi Nachisale anafika akupuma mwawefuwefu, atadzidzimuka kutulo n'kutsika pakhonde lawo lija.

"Mango anga! Ndani wasadza mango anga? Ndipo maliro ndi a ndani pakhomo panga ine osadziwa?"

"Eya," anatero wamakala uja, akutembenukira kwa Dorika. "Tasiya malonda athu ife. Wamwalira ndani, mayi?"

Dorika anayang'ana uku ndi uku. Maso onse anali pa iye, ndipo miyala ina inali isanatayidwe. Pambali pake Ndamva anali ataima, msana uli wopanda thumba, tsache lili lende. Ankanjenjemera pang'ono, ngati munthu amene waima nthawi yaitali. Dorika anamuyang'ana, mkwiyo wonse wa miyezi ija n'kuphwa, kutsala kutopa kokha.

"Iwenso wakwana," anatero. "Puma."

"Ndamva."

Mawuwo sanamveke ngati a masiku onse. Anatuluka ngati mpweya wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kanyali kanazima. Anapendekeka pang'onopang'ono n'kugona chammbali pamasamba paja, siketi ya malata n'kutukuka.

Kunsi kunalibe mateyala. Kunali mapazi awiri, aang'ono, a zidendene zong'aluka, operepeseka ndi kuyenda, kachingwe kakuda kali pa akakolo.

Palibe anafuna kutsegula kuti aone zotsalazo. Mayi Nachisale anavula mpango wawo n'kuphimba mapaziwo. Wamakala anavulanso chipewa. Masamba aja sananame: maliro anali ndi mwini wake. Anamuika momwemo ndi malata ake, dzina lake osalidziwa, ndipo amene analira tsiku limenelo analira zenizeni.

Matumba anabwera m'mawa mwake. Dothi lonse analimwaza pabwalo, aliyense n'kuyendapo wopanda nsapato. Madzulo omwewo mapoto anaulukanso pakhomo loyambirira, ana anagenda mango amene anatsala, ndipo Bizwiki anafuna kudziwa kuti ndi ndani anamuchapitsa matewera, komanso chala chake chinapsa bwanji.

Tine mpaka lero phala amakana. Dorika amakalipa, amaopseza, amamuthamangitsa kuzungulira mpopi ndi supuni m'manja, akudandaula kuti mwana ameneyu adzamupha ndi mtima. Koma akamva "Toto!" amayamba watseka maso kaye pang'ono.

Nsonga ya chitenje ija anaidula n'kuitsekera m'chitini, pamwamba pa kabati pamene mwana safika. Kuitaya akuopa, kuisunga akuopanso. Ndipo Loweruka lililonse dzuwa likapendeka, kumapeto kwa kanjira kaja kumaima galimoto yoyera, azibambo awiri ali m'katimo, manja pamaondo, kudikira kuti Dorika awatume.

Mukamanyamuka pano, aliyense afufute pamene wapondapo.